Dzina la atata linanditengera mlongo wanga

Inu owerenga, ine ndakalamba ndipo ndatopa, koma nkhani iyi sindikufuna kupita nayo kumanda. Ndinali ndi mlongo mmodzi yekha, dzina lake Tome. Anasowa pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu. Sanagwirepo mfuti, sanabe, sananenerepo munthu. Chinamutenga ndi dzina la atata athu, dzina limene tonse awiri tinkaliyankha koma osadziwa kumene linachokera.

Tinabadwira ku Malowera. Amama anali a kwa Mwale, mlimi ngati akazi ena onse a m'mudzimo. Atata anali mzungu. Ankayendetsa chigayo cha mwini kantina, sitolo ya m'mudzimo, ndipo chikafa ankachikonza okha. Dzina lawo linali Zavodnik, koma lilime la kwathu linalephera, choncho anthu ankangoti a Zavodi. Potibatiza, padiri anatipatsa dzina lomwelo, ife n'kumalitchula kuti Zavodiniki.

Atata anamwalira ndi malungo ine ndili wamng'ono, Tome ali kumsana. Chimene ndimakumbukira ndi fungo la mafuta a injini m'manja mwawo, ndi kaimbidwe kawo ka mluzu akamachokera ku chigayo. Anaikidwa kumanda a m'mudzi, pakati pa abale a amama. Pamaliropo sipanabwere mzungu wina kupatula padiri. Zimenezi zikanatiuza kanthu, koma tinali ana.

Amama sankakamba za iwo, ifenso sitinkafunsa. Kwathu mwana sayamba nkhani ya malemu pamaso pa akulu. Ndiponso tinkaona ngati palibe chofunsa. Kwa ife mzungu aliyense anali Mpwitikizi, ndiye atata akanakhalanso ndani? Tome anakula akunyadira dzinalo. Ku shikola ya ku mishoni anaphunzira Chipwitikizi bwino, kenako anayamba kukonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi kantina. Manja anatengera atata. Munthu akamufunsa dzina, ankalitchula lonse mokweza, chifukwa m'boma lathu lonse la Maravia munalibe wina wa dzina limenelo koma iye ndi ine.

Amama anamwalira nkhondo isanafike kwathu. Nthawi imeneyo n'kuti nditakwatiwa ndi bambo Lazaro, tili ndi ana awiri.

Nkhondo itafika, asilikali a Chipwitikizi, amene tinkawatchula kuti tropa, anayamba kusonkhanitsa anthu m'midzi yozingidwa ndi waya, kuti tisamapatse chakudya omenyera ufulu amene anali m'tchire. Tinasiya nyumba zathu, nkhokwe ndi makola. Tisanalowe mu mpandamo, anatiimika pa mzere padzuwa kunja kwa positu, ofesi ya boma la Apwitikizi, amuna paokha, akazi paokha, kuti aliyense atchule dzina lake. Ine ndinatchula la amuna anga ndipo ndinadutsa. Ndinaima chapafupi kudikira Tome.

Shefi, mkulu wa positu, ankamudziwa Tome, chifukwa njinga za asipayo ake, apolisi achikuda, ankakonza ndi iye. Koma tsiku limenelo pambali pa shefi panakhala mzungu wina wachilendo, wosavala za usilikali. Tome atatchula dzina, mlendoyo anadzutsa mutu n'kumuuza kuti abwereze. Tome anabwereza, mokweza monga mwa masiku onse.

"Bambo wako anali wa kuti?" anafunsa mlendoyo.

"Anali Mpwitikizi, sinyolo," anayankha Tome.

"Palibe Mpwitikizi wa dzina limenelo. Dzina limenelo ndi la ku Yugosilaviya, kumene kukuchokera mfuti za anzako a m'tchire. Ukubisa chiyani?"

Inu owerenga, dziko limenelo tinali tisanalimvepo. Tome anabwerezanso kuti atata anali Mpwitikizi. Sankanama. Ankanena zimene ankadziwa. Mlendoyo anakodola asipayo awiri, anthu amene Tome ankadya nawo chinangwa chootcha pa ntchito yake, ndipo anamugwira mikono n'kupita naye kuseri. Potembenuka anandiyang'ana ngati akufunsa kuti, achemwali, inu mukudziwapo chiyani? Inenso sindinkadziwa kanthu.

Bambo Lazaro anandiuza kuti nditseke pakamwa, chifukwa dzinalo linali langanso. Ndinawamvera kwa masiku angapo. Kenako ndinakumbukira amalume a Chikuse, mlongo wawo wa amama, amene paunyamata wawo ankagwira ntchito pa chigayo ndi atata. Iwo anali atasamukira ku Chiputo kalekale. Ndinaganiza kuti ngati pali munthu wamoyo wodziwa zoona, ndi iwowo.

M'mawa wina ndinatuluka pa chipata pamodzi ndi akazi opita kumunda, khasu paphewa, mwana wamng'ono kumsana. Anzanga atapatukira m'minda, ine ndinapitirira. Inali nthawi ya mvula. Amene mumaidziwa njira ya ku Chiputo mukudziwa zimene ndikunena. Matope ankafika m'mawondo, mitsinje ina ndinkaidikira kuti iphwere, ndipo ndikamva ndege ndinkagona m'udzu nditatseka mwana pakamwa. Ndinafika mapazi atatupa ngati mitanda.

Amalume ndinawapeza akumanga khola la mbuzi. Atamva za Tome anakhala pansi pa chipika. Kenako anati, "Mwanawe, atate ako sanali Mpwitikizi. Apwitikizi ankawaseka chifukwa cha kayankhulidwe kawo, ndipo sankawaitana n'komwe pa madyerero awo."

Anandifotokozera zonse zimene atata ankawauza akamapumira kuseri kwa chigayo. Atata anali a mtundu waung'ono wotchedwa Asiloveni, okhala m'mapiri ozizira m'dziko lomwe lija la Yugosilaviya. Pa nkhondo yaikulu ya azungu mudzi wawo unatenthedwa. Nkhondoyo itatha, olamulira atsopano anapha mkulu wawo wa bere limodzi, ndipo atata anathawa wapansi kudutsa m'mapiri. Anakhala m'misasa ya othawa nkhondo, kenako anakwera sitima ya pamadzi mpaka ku Beira, n'kumayenda ndi ntchito za injini mpaka anafika kwathu. Kwawo sakanabwererako. Boma limene mlendo uja ankati Tome akuligwirira ntchito ndi lomwelo limene atata analithawa.

Ndinafunsa ngati dzinalo lili ndi tanthauzo. Amalume anati inde, iwonso anafunsapo. M'chiyankhulo cha atata limatanthauza munthu wa kutsidya kwa madzi. Makolo awo anamanga nyumba patsidya pa kamtsinje, mudzi wonse uli tsidya lino, ndiye anthu akafuna kuwatchula ankati aja a kutsidya aja, mpaka linasanduka dzina la banja. Atata ankati ngakhale kwawoko si dzina lofala, mabanja ake ndi ochepa, ndipo ukakumana ndi munthu wa dzinalo uyambe wamufunsa za agogo ake, mwina ndi mbale wako.

Ndinalira, n'kufunsa chifukwa chake sanatiuze zaka zonsezo. Amalume anati, "Simunafunse. Ndipo amako ankaopa kuti mukadziwa, mtima wanu udzakhala kutali ndi ife."

Ndinapuma tsiku limodzi n'kuyamba ulendo wobwerera. M'njira monse ndinkabwereza mawuwo kuti ndisaiwale ngakhale limodzi: Asiloveni, mudzi wotenthedwa, mkulu wawo wophedwa, kutsidya kwa madzi. Ndinkakhulupirira kuti ndikangowanena, Tome amasulidwa.

Nditafika sindinalowe n'komwe mu mpanda, ndinapita ku positu. Shefi anandimvetsera mpaka kumapeto, sipayo akumasulira. Ndikuganiza kuti anakhulupirira, chifukwa sanandikalipire za kutuluka kwanga popanda chilolezo. Koma anati Tome anatengedwa kale pa galimoto yaikulu imene tinkati kamiyau kupita ku Fingowe, ndipo kuchoka kumeneko amapita nawo ku Tete. Anati nkhaniyo sinalinso m'manja mwake. Pomaliza anandiuza kuti ndipite kunyumba, ndipo dzina limenelo ndisadzalitchulenso pamaso pa mzungu.

Mu mpanda muja moyo wanga unasintha. Kuchitsime akazi ankaleka nkhani ndikafika. Abale a amuna anga anayamba kunena kuti dzina langa lidzaphetsa banja lonse, chifukwa mlendo uja akadzabweranso adzafunsa za mlongo wake wa Tome. Bambo Lazaro sanandithamangitse ndi pakamwa, koma anayamba kudyera kwa amayi awo, kenako n'kumagona komweko. Sindiwaimba mlandu kwambiri. Mantha anali atatidya tonse. Pamene mabanja ena anapangana zothawira ku Zambia, ndinatenga ana anga awiri n'kupita nawo.

Ndinkayesa kuti mavuto a dzina ndawasiya kumbuyo. M'tchire tinakumana ndi omenyera ufulu, amene ankaperekeza anthu mpaka kumalire. Atandifunsa dzina ndinati ndine wa kwa Mwale, monga amama. Koma khungu langa ndi tsitsi langa sizikanabisika, ndipo m'gululo munali munthu wa ku Malowera amene ananena kuti uyu ndi mwana wa a Zavodi, mzungu wa pa chigayo. Ananditulutsa pa mzere. Anati mwana wa Mpwitikizi wabisa dzina, ndiye kuti watumidwa kudzaona kumene iwo amagona. Ana anga anawaika pambali akulira.

Mkulu wawo anali munthu wowonda, wa maso ofiira ndi tulo. Anandikhazika pansi pa mtengo n'kunena kuti, "Kamarada, tiuze zoona. Bambo wako anali ndani?"

Funso lomwe lija, inu owerenga, limene Tome analephera kuyankha. Ine ndinayankha. Ndinanena za mapiri, za mudzi wotenthedwa, za sitima ya pamadzi, za tanthauzo la dzina, za manda a atata amene ali pakati pa abale a amama. Ndinanenanso za Tome ndi mmene anamutengera. Mkuluyo anaitana munthu wa ku Malowera uja n'kumufunsa ngati n'zoona kuti mlongo wanga ali m'manja mwa Apwitikizi. Iye anavomera. Anandibwezera ana anga, ndipo tinapitiriza ulendo. Sindikunena kuti onse anandikhulupirira, chifukwa mpaka ku msasa wa ku Zambia ena ankandiyang'ana cham'mbali. Koma ndinakhala ndi moyo, ndipo chinandipulumutsa ndi mawu ochepa amene amalume akanatha kutiuza madzulo amodzi tili ana.

Nkhondo itatha ndinabwerera, n'kukhazikika ku Chipera kumene ndili mpaka lero. Akaidi ankabwera mmodzimmodzi, ena wapansi, ena pa magalimoto. Galimoto iliyonse ikaima ndinkathamangirako. Tome sanatsike. Patapita nthawi kunabwera bambo wina wotsimphina, dzina lake Anderea, akufunsa za mlongo wake wa mnyamata wokonza njinga. Anali naye m'chipinda chimodzi ku ndende ya ku Tete. Anandiuza kuti nthawi iliyonse akamutulutsa kukamufunsa, ankafuna kuti anene amene anamutuma ndi amene amalankhula naye kunja. Tome ankangoti atata anali Mpwitikizi, ndipo akatero ankamumenya koposa. Akabwerera m'chipinda ankafunsa anzakewo ngati pali wina amene analimvapo dziko limenelo. Tsiku lina anamutulutsa ndipo sanabwerenso. Manda ake sindikuwadziwa.

Zaka zambiri pambuyo pake, ku mishoni kunabwera sisitere wina wa zachipatala, ndipo ndinamva kuti kwawo ndi ku Siloveniya, pakuti dziko la atata linali litaima palokha. Ndinapita ngati wodwala. Atandifunsa dzina ndinalitchula lonse, koyamba pamaso pa mzungu chichokere tsiku lija ku positu. Anaika pansi chimene anagwira n'kulitchula mmene eni ake amalitchulira, mofupika, mosiyana ndi ife. Anati tanthauzo lake ndi lomwelo limene amalume ananena. Anatinso iye anakulira komweko koma sanakumanepo ndi munthu wa dzinalo, ndipo akudabwa kuti woyamba wamupeza ku Maravia. Ndinaseka pang'ono, kenako misozi inatsika. Anandifunsa ngati ndingafune kuti afufuze abale a atata. Ndinati ayi. Ndikanawauza chiyani? Amene akanasangalala kuwadziwa anali Tome.

Ana anga amayankha dzina la bambo awo. Ine ndikadzatsikira kuli chete, dzina la Zavodiniki lidzakhala latha kuno.

Tsono inu owerenga, malangizo anga si ambiri. Ngati muli ndi dzina limene simukudziwa chiyambi chake, kaya ndi lachilendo, kaya ndi la makolo a kuno konkuno, funsani akulu akadali ndi mpweya. Musaope kuti adzati mwachita mwano. Kukalipiridwa kumatha, koma munthu akapita amapita ndi zonse zimene ankadziwa. Inunso makolo, musabisire ana kumene anachokera poganiza kuti mukuwateteza. Amama anatikonda, anakhala chete chifukwa cha chikondi, koma tsiku lofunsidwa iwo kunalibe. Tome anaima yekha padzuwa paja.

Ndipo mukamva dzina la munthu likukudabwitsani, musathamangire kumuweruza. Mufunseni bwino, ndipo akakuyankhani kuti sakudziwa, mwina akunena zoona.