Ndinasokera injini chovala

Inu owerenga, ine ndine telala, ndipo chimene chinandilepheretsa kutsanzikana ndi mayi anga ndi chinthu chimene ndinasoka ndekha ndi manja angawa. Sindinachisoke ndi mtima woipa ayi. Ndinachisoka chifukwa chokonda mwamuna wanga, ndipo ndati ndikuuzeni kuti wina asadzagwe m'mbuna yomweyi.

Ndimasoka pakhonde la sitolo ina pa Nsaru. Amuna anga, bambo a Yamikani, amayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Ndi munthu wofatsa mopitirira muyeso. Ukawafunsa ngati ndiwo zakoma amati zakoma, ngakhale mchere utawawa chotani. Kale khalidwe limeneli ndinkanyadira nalo kwa anzanga.

Chilimwe chathachi anayamba kubwera kunyumba miyendo itawauka ndi kutentha kwa injini. Khungu linkachita kusuwa, ndipo mwendo wamanja unali ndi chipsera cha ekizozi chimene sichinkapola bwino. Madzulo ndikamawadzoza mafuta, mtima unkandiwawa. Munthu akuwotcheka tsiku lonse kuti ife tidye, ine n'kungokhala ndi makina osokera osachitapo kanthu?

Tsiku la msika ndinagula nsalu yolimba ya tenti. Ndinayeza injini ndi tepi yanga monga ndimayezera munthu, m'kati n'kuikamo bulangeti lakale kuti kutentha kusadutse. Ndinakuta mbali zonse, ndi kutsogolo komwe kuti fumbi lisamalowe, kenako n'kupetapo timaluwa m'mphepete. Nditawaonetsa, anachiyang'ana kwa nthawi, n'kuchisisita ndi dzanja. Anati, "Mwasoka bwino, mayi a Yamikani." 

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ndinkachimangirira ndekha asananyamuke. Madzulo ankabwera nacho chili chomangidwa bwinobwino, chosada kwenikweni. Ine m'malo modabwa ndinkangodzitama kuti nsalu ndinasankha ndi maso. Ndinafika pouza amayi anzanga okwatiwa ndi akabaza kuti akafuna ndiwasokera awo. Mwayi wake sanafulumire kubwera.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, achemwali anga anandiimbira foni ali kumudzi kwathu, kufupi ndi Nambuma. Amayi anali akudwala kwa nthawi ndithu, koma tsiku limenelo mawu a achemwali anali achilendo. Anati, "Bwera lero lomwe, amayi akungokutchula." Ndinasiya diresi la mwini lili pasingano, n'kuimbira bambo a Yamikani. Posakhalitsa anafika, chovala chija chili pa injini monga mwa masiku onse. Ndinamangirira kumbuyo chikwama ndi kathumba ka ufa, tinanyamuka.

Ukangotuluka pa Nsaru pali chigayo. Tikufika pamenepo anachepetsa liwiro ngati akufuna kuima. Ine misozi ili mbwe, ndinawagwira paphewa n'kuwachonderera kuti asaime. Anatembenuka pang'ono ngati ayankhula, koma ataona nkhope yanga anangopitiriza ulendo.

Amene mumayenda misewu yathu yafumbi m'chilimwe mukudziwa mmene mchenga umavutira. Njinga inkayenda pang'onopang'ono ikulira kwambiri, anthu awiri ndi katundu pamwamba. Kenako ndinamva fungo limene telala aliyense amalidziwa, la nsalu imene waiwalapo simbi. Injini inayamba kulira ngati mukugwedezeka timiyala. Bambo a Yamikani anati tiime pamthunzi izizire kaye. Ine ndinayankha kuti amayi sangadikire injini. Mawu amenewo ndimawakumbukirabe mpaka lero.

Tili pakati pa chitunda, njinga inatsamwa n'kuzima. Utsi unkatuluka pansi pa chovala changa. Ndinatsomphola botolo la madzi kuti ndithire, koma iwo anandigwira mkono. Anati chitsulo chikatentha chonchi, madzi ozizira amaching'alula. Anamasula zingwe akuwotcheka zala. Bulangeti lija linali litapserera, timaluwa tanga titada bii. Atayesa kuponda kuti ailize, chopondera sichinatsike n'komwe. Injini inali itanoka, zitsulo zam'kati zitagwirana ndi kutentha.

Pamenepo m'pamene anandiuza zoona, maso ali pansi. Anati injini ya njinga ngati yathuyi ilibe madzi oiziziritsa. Imazizira ndi mphepo yodutsa m'tinthiti tachitsulo ta m'mbali mwake, ndipo ukaiphimba waitseka pakamwa. Izi ankazidziwa kuyambira tsiku loyamba. M'mawa uliwonse ankaima pachigayo paja, n'kuvula chovalacho, n'kuchipinda bwino m'jumbo. Pobwerera ankaimanso pomwepo n'kuchimangirira. Ngakhale tsiku limenelo, ali pa changu chodzanditenga, anaima kaye kuti achiveke.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire. Anati, "Munasangalala kwambiri tsiku lija. Ndinalibe poyambira."

Abale anga, ndinafuna kukalipa. Ndikanakalipira ndani? Miyendo yawo inali yowaukabe masiku onsewo, ine ndikuidzoza mafuta madzulo alionse, osadzifunsa kuti nanga chovala changa chikugwira ntchito yanji. Ndinkaona zimene ndinkafuna kuona. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu, aliyense akudziimba mlandu chamumtima.

Msewuwo masana sudutsa anthu ambiri. Kabaza woyamba anali atasenza matumba a mtedza, wachiwiri anali ndi anthu kale. Mnzawo amene bambo a Yamikani anamuimbira anali kutali, cha ku Kabudula. Pamene ankafika kudzanditenga, dzuwa linali litapendeka. Bambo a Yamikani anatsala akukankha njinga kupita ku nyumba yapafupi kuti akaisungitse.

Ndisanalowe m'mudzi ndinamva kulira. Sindinafunikire wondiuza. Achemwali anandilandira pakhomo n'kundikumbatira. Anati amayi anatsirizika posachedwa pomwepa, ndipo nthawi yonseyo akamva njinga yamoto ikudutsa kumsewu, ankatembenuzira mutu kukhomo. Ine ndine chitsirizira, mwana amene anandiphunzitsa kulowetsa ulusi pasingano nditakhala pamiyendo pawo. Ndinawapeza manja akadali ofunda, koma sanandione.

Amuna anga anafika wapansi, fumbi mpaka m'mawondo, n'kukakhala kwa azibambo mwakachetechete. Maliro onse anatumikira ngati mwana wapakhomo, zala zili ndi matuza. Titabwerera ku Nsaru, njinga inakhala nthawi kwa makanika ndipo tinavutika, koma chitsulo chimakonzeka. Chimene sichinakonzeke ndi chija cha kumudzi.

Tsiku lina ndikuwadzoza mafuta, anapepesa. Nanenso ndinapepesa. Tinagwirizana kuti mchere ukawawa azinena, ndipo ine ndisamakwiye. Akuyesetsa, ngakhale amayamba ndi kutsokomola kaye.

Tsono inu oyendetsa njinga zamoto, ndi inu amene mumawakonda, mverani ine amene ndinapsa nazo. Musaphimbe injini ndi nsalu, thumba kapena katundu. Matope akauma m'tinthiti tija muwachotse, ndipo oyilo muziona musananyamuke. Mukamva fungo lachilendo kapena mphamvu zikuchepa, imani pamthunzi, zimitsani, izizire yokha, musaithire madzi. Kachitsulo kotchinga ekizozi kakaguluka, bwezeretsani. Ndipo inu okwera kumbuyo, woyendetsa akati tiime, musamukakamize ngakhale mtima uli m'mwamba. Kuthamanga sikufika. Tikanaima pachigayo paja kanthawi kochepa chabe, bwenzi nditawapeza amayi ali maso.

Koposa zonse, munthu amene mumamukonda muzimuuza zoona akalakwitsa, ngakhale atapetapo maluwa. Akhumudwa tsiku limodzi, koma mwamupulumutsa ku chisoni cha moyo wonse.

Masiku ano ndinawasokera thalauza lochindikala lovala pantchito, ndipo miyendo inapola. Chovala chopserera chija sindinataye, chili pansi pa makina anga. Ndikamasoka pakhonde paja njinga yamoto n'kudutsa, nanenso ndimapezeka ndatembenuza mutu, monga ankachitira amayi podikira ine.