Kamera ya Pamphambano

Anthu ankangowatchula kuti a Makwerero, poti zaka makumi atatu zonse ankayenda ndi makwerero paphewa, kukwera mapolo n'kumalumikiza mawaya a magetsi. Dzina lawo lenileni linatsala pachiphaso basi. Pa ntchito anali munthu wovuta. Waya ukapindika pang'ono ankamasula n'kuyambiranso, anzawo ali pansi kuyasamula. Malemu akazi awo ankawaseka kuti akadamasamalidwa ngati waya, bwenzi atanenepa.

Atatsala pang'ono kupuma pa ntchito, kampani yawo inalembedwa kuti iike makamera m'misewu. Anauzidwa kuti ndi ogwirira akuba. Pamphambano ya kumsika, injiniya analoza kunsonga kwa polo. A Makwerero anapukusa mutu, amvekere kumeneko kamera izingoona madazi ndi zipewa, chikhalirecho wakuba amadziwika ndi nkhope. Anaitsitsa mikono iwiri, kuipendeketsa bwinobwino, n'kupukuta galasi lake ndi mpango wawo. Palibe anawatuma zimenezo. Anatsika akudzimva kuti ntchito amaitha.

Patapita miyezi isanu kunachitika zionetsero zodandaula za kusowa kwa mankhwala m'zipatala. Mwana wawo mmodzi yekhayo, namwino, anayenda nawo. Sanagende, sanatukwane munthu. Koma sabata yotsatira apolisi anakamutenga kuntchito pa mlandu wosokoneza mtendere, belo n'kumukaniza. Loya anawaonetsa bambowo chithunzi cha umboni: nkhope ya mwana wawo yooneka bwino, mpaka kachipsera ka pachipumi. Kumbuyo kwake kunali sitolo ya nsapato ya pamphambano paja. Mtima unawasweka.

Sanauze munthu kuti kamera yojambula chithunzicho anaiika ndi iwo. Lachitatu lililonse ankapita kundende atanyamula sopo ndi chakudya, koma n'kubwerera osaulula. Ankaopa kuti akaulula, mwanayo sadzawatchulanso bambo, ndipo padziko analibenso wina.

Kenako boma linaitanitsa msonkhano womva maganizo a anthu pa lamulo latsopano la chitetezo, lololeza makamera m'misewu. Makamerawo n'kuti atatha chaka ali m'mwamba, ndiye kaya maganizowo ankawafuniranji. A Makwerero anavala jekete n'kupita kuholo ya sukulu. Pakhomo panali kaundula wolembamo dzina ndi nambala ya foni, ndipo ambiri atangomuona anabwerera. Olankhula ankapatsidwa mphindi ziwiri aliyense.

Nthawi yawo itakwana anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Makamerawa ndinaika ndine, ndi manja angawa. Munati ndi a akuba. Tsono tiuzeni, amaonera zithunzizo ndani? Nanga iyeyo akalakwitsa amamufunsa ndani?"

Wapampando anayamikira funso labwinolo, nawapempha kuti alilembe papepala n'kuliponya m'bokosi la pakhomo. Nkhomaliro isanakwane akuluakuluwo anali atakwera magalimoto, akuti akuthamangira msonkhano wina. Bokosilo analinyamula ndi wosesa, amene anafunsa a Makwerero ngati akudziwa kokalisiya.

Pobwerera m'pamene anazindikira kuti aulula pagulu, ndipo nkhani sichedwa kulowa m'ndende. Kunali bwino mwanayo amve kwa iwo.

Lachitatu anakhala pabenchi ya alendo, waya wa sefa uli pakati pawo. Anafotokoza zonse, za injiniya, za mikono iwiri ija, ngakhale za mpango. Anapepesa maso ali pansi. Mwanayo anawayang'ana kudzera pasefapo. Anali ataonda, tsitsi atamumeta.

"Ndimadziwa, bambo," anatero motsitsa mawu. "Munandiuza nokha tsiku limene munaiika, mwaiwala? Munasangalala kwambiri tsiku limenelo. Anzanga onse anadutsa pamenepo atazolika. Ine ndinadzutsa mutu kuti ndione ntchito yanu."

Msilikali wa ndende analiza belu kuti nthawi yatha. Alendo ena anayamba kutuluka. A Makwerero anatsala okha pabenchipo, maso ali pa mwana wawo.