Ndinanamizira mlamu wanga mdulo pobisa chifuwa cha achimwene

Senderani kuno, ana inu, ndi inunso owerenga, poti ine pensulo sindinaigwirepo ndipo mawu awa akundilembera ena. Tcherani khutu, nkhaniyi sindiinena mokweza. Ine ndinapasula banja la munthu ndi pakamwa pangapa, ndipo achimwene anga ndinawatsekera njira ya kuchipatala.

Zinali zaka za Chitaganya. Tinkakhala pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje. Makolo athu anachokera kwa Apwitikizi, dothi lathulathu tinalibe. Nyumba ndi kamunda zinkakhala zanu ngati pakhomo pali mwamuna wogwirira ntchito mzungu. Amuna anga anapita ku Joni osabwerako, ndiye ine ndi mwana wanga Filesi tinkabisala kumsana kwa achimwene anga a Jemusi, amene ankayanika masamba m'fakitale. Ine ndinkathyola tiyi.

Chaka china mvula itangoyamba, achimwene anayamba kutsokomola ndi kuonda. Tsiku lina ndikuchapa kumtsinje ndi mkazi wawo, mlamu wanga Esitere, ndinaona magazi pa malaya awo. Esitere anandinong'oneza kuti, "Alamu, ichi n'chifuwa chachikulu. Tiwatengere kuchipatala cha ku Mishoni Loweruka."

Inu owerenga, masiku amenewo dzina la nthendayi linkathamangitsa anthu kuposa njoka. Ndinali nditaonapo ndi maso anga bambo wina wa m'fakitale. Kapitawo atangomva anamuchotsa ntchito, anzake anaswa chikho chimene ankamwera, ana ake kusukulu ankawakhazika panja okhaokha, mapeto ake banja lonse linasamutsidwa. Ife akatichotsa tikalowera kuti? Nanga Filesi, amene anali atangoyamba kumene sukulu?

Loweruka lija lisanafike, Lolemba tili pamzere wa sikelo poyezetsa madengu, mayi wina wamlomo anakuwa kuti, "Achimwene anu aja akutsokomola ngati galu wotsamwa fupa. Si chachikulu chija chimenecho?" Amayi anayamba kundifutuka, kapitawo anadzutsa mutu. Pamenepo lilime linandithamangira. Ndinati, "Si chifuwa chimenecho, ndi mdulo. Kafunseni mkazi wawo kumene amayenda asanathire mchere m'ndiwo."

Kwathu kuno timati mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kuthira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, amamudula pachifuwa. Mdulo sapatsirana, ndiye amayi aja anabwerera pamzere, kapitawo n'kungoseka, amvekere, "Akazi a masiku ano!" Ntchito inapulumuka. Koma dzuwa lisanapendeke, nkhani inali itazungulira esiteti yonse.

Amalume athu anamukhazika pansi Esitere kuti atchule mwamunayo, poti akatero m'pamene mankhwala a mdulo amagwira. Iye akulira anati, "Nditchule ndani poti palibe?" Anandiyang'ana ine, ine ndinayang'ana nyerere pansi. Anamuletsa kuphika, kenaka anamubweza kwawo ku Chitakale.

Achimwene ndinawatengera m'nyumba mwanga, ndikuwamwetsa mizu ya asing'anga. Za ku Mishoni sindikanathanso kuzitchula, ndikanagwidwa bodza. Ankamwera chikho chimodzi ndi Filesi, m'kanyumba kopanda windo, ndipo ndinkaopa kuwapatula kuti anthu angafunse chifukwa chake. Ndikakhala m'munda wa tiyi manja ankathyola okha, mtima uli kunyumba. Mwana akangoti kho, ngakhale ndi utsi, ndinkati basi, chamugwira nayenso.

Ndikukupemphani, mnzanu akamatsokomola kuntchito kaya kusukulu musamufutuke, musaswe chikho chake. Muperekezeni kuchipatala, nthendayi imachira. Mukamamusala, abale ake amabisa, ndipo wobisa amafuna munthu womuponyera mlandu. Ine ndinaponyera wosalakwa, yemwe ndi yekhayo ananena zoona.

Achimwene anamwalira nyengo yozizira, akukhulupirira kuti mkazi wawo ndiye anawadula. Pa esiteti anatichotsabe, poti pakhomo panalibenso mwamuna. Filesi anayamba kutsokomola chaka chomwecho. Ameneyo ndinamubereka kumsana, wamkulu kale miyendo ikulendewera, mpaka ku Mishoni. Anagonako miyezi akumubaya jakisoni, anachira, lero ali ndi ana ake. Sukulu yokha sanabwererekonso.

Esitere sanakwatiwenso, amuna ankaopa ndiwo zake. Tonse titamera imvi ndinalimba mtima, ndinapita ku Chitakale kukagwada pakhomo pake, n'kuulula zonse. Anamvetsera osandidula mawu. Kenaka anandiyalira mphasa, anandiphikira nkhwani, n'kubweretsa mchere padera m'kambale.

Anati, "Thirani nokha, alamu."