Yankho la ku Chilumba

Bungwe limene ndinkagwirako ntchito linalandira makina akale ochokera kunja, oti maphunziro a anamwino ochitikira pa Boma azioneka nthawi imodzi ku Ngara ndi ku Chilumba. Wamawaya ndinali ine. Makinawo ankaduladula mawu ndi zithunzi kukhala tizidutswa tofanana, ife tinkati maselo, n'kumatitumiza pamzere.

Kupita kunalibe vuto: pa Boma tikalankhula, maselo ankakopedwa, mbali zonse ziwiri n'kulandira. Kubwera ndiye kunali mutu. Njira yobwerera ndinaika imodzi, poti yachiwiri inali ntchito ya masiku, ndipo ulesi, ndisaname, ndinali nawo. Tsono maselo aja sankasonyeza mwini wake. Awiri akalankhula pamodzi ankasakanikirana ngati mpunga wa anthu awiri m'thumba limodzi, makina n'kutaya zonse. Ndinangowauza kuti azilankhula mosinthana.

Ku Chilumba kunali namwino wina wa mpata kumano, amene ankaseka Chitumbuka changa chopindika mpaka misozi. Maphunziro akatha ndinkasiya njira yotsegula, ife n'kumacheza. Ndinamufunsira momwemo, pamakina, chifukwa pamaso ndinkachita naye chibwibwi. Anati andiyankha Lachisanu, popeza Loweruka ankanyamuka. Anali atamusamutsira kummwera.

Lachisanu masana anthu atabalalika, nkhope yake inaonekera. Anakonza kolala, nati, "Achimwene, za nkhani ija..." Pomwepo kalaliki wa ku Ngara, mdala wolongolola ngati wailesi, anadina batani lake kuti atsanzike. Ndinangomva "yewo" wodukaduka, chithunzi chinauma, kenako bii. Ndinatukwana, ndinamenya tebulo ndi chibakera. Mmene mdalayo amamaliza kutsanzika kwake, pampando wa ku Chilumba panalibe munthu.

Foni inalipo. Minibasi za pa M1 zinalipo, kaulendo kosatopetsa n'komwe. Koma ndinadziuza kuti munthu wovomera sathawa pampando, ndipo ndinaopa kukamva "ayi" wathunthu. Ndinakhala pansi n'kumakonza mawaya osafunika kukonza. Ndimamusowa mpaka lero, makamaka ndikamva wina akuseka Chitumbuka changa.

Patapita zaka ndinakumana ndi mnzake wa kuntchito wa namwino uja mumsika wa pa Boma, akusankha chinangwa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anandiuza kuti tsiku lija mnzakeyo anavomera, ndipo sanadziwe kuti mawu ake sanafike. Namwinoyo ankandiona bwinobwino pamakina. Atangoti "inde", anaona ine ndikutukwana ndi kumenya tebulo.