Injiniya Amene Ankagwira Chikwangwani

Inu amene mukuona ngati maphunziro anu adapita pachabe, imvani za Lusekelo.

Mu 2020, mayi ameneyu ankakhalira kuima padzuwa la ku Perth, ku Australia, atagwira chikwangwani choimitsira magalimoto, pamalo pomwe boma linkamangitsa mlatho waukulu. Injiniya wathunthu, koma ntchito yake kutembenuza ndodo!

Kwawo ku Malawi adamuchotsa ntchito chifukwa cha mlatho wina womwe udachedwa zaka ziwiri. Chochedwetsa ankachidziwa bwino, koma pamsonkhano wa mabwana ankangoweramitsa mutu. Adaleredwa kuti akuluakulu sawatsutsa pagulu. Mlandu wonse udagwera iye.

Adapita ku Australia kukawonjezera maphunziro, n'kusiya mwana wake Edda, wa zaka zinayi, m'manja mwa mkulu wake Julia. Ankati ndi chaka chimodzi chokha. Kenako kolona idatseketsa malire. Kuti adzathe kutenga mwanayo, ankafunika ntchito yokhazikika ya uinjiniya. Makalata ofunsira ntchito adalemba ambirimbiri, mayankho ake ziii.

Tsiku lina akulankhulana pafoni ya kanema, Edda adabisala kuseri kwa chitenje cha Julia.

“Amayi, azakhali a mufoni aja akundiitananso.”

Lusekelo adalira m'basi njira yonse. Ankamusowa kwambiri mwanayo.

Koma maso a injiniya sapuma. Ataima pachipatapo, ankalemba m'kabuku nthawi yomwe galimoto iliyonse ya konkire yafika. Adaona kuti zimabwera pomwe makolo akukatula ana kusukulu, n'kutsekeredwa pamzere, konkire n'kuyamba kuuma, ina n'kubwezedwa. Mlatho uwunso unkachedwa.

Boma lidatuma woyang'anira ntchito zikuluzikulu, a Kasonde, injiniya wochokera ku Zambia. Malipoti onse ankanamizira kolona. Iwo adasiya mapepalawo, n'kuyenda wapansi mpaka pachipata.

“Amai, nimvela ndimwe a ku Malawi. Muimilila pano tsiku lonse. Muona chani?”

Kapitawo anali chiimire pomwepo. Mutu wa Lusekelo udayamba kuwerama monga kale. Kenako adakumbukira kankhope kaja kuseri kwa chitenje.

“Bwana, si kolona yokha ayi. Tasinthani nthawi ya matiraki a konkire.”

Adawapatsa kabukuko.

Nthawi idasinthidwa, ndipo ntchito idayamba kuyenda. A Kasonde adamuuza kuti afunsire ntchito kuofesi yawo. Ulendo woyamba adalephera mayeso. Wachiwiri adakhoza, n'kukhala mmodzi mwa oyang'anira.

Malire atatseguka mu 2022, adakwera ndege kukatenga Edda. Mwanayo, tsopano wa zaka zisanu ndi chimodzi, adayenda ulendo wonse ali duu, osamutchula ndi dzina lililonse. Pochoka kubwalo la ndege la ku Perth, Lusekelo adadzera dala pamlatho uja.

“Edda, mlatho uwu unkachedwa. Ndidathandiza nawo kuti uthe msanga.”

Mwana adayang'ana pawindo kwa kanthawi, kenako n'kutembenuka.

“Nanga inuyo mudachedweranji kudzanditenga, amayi?”

Funsolo lidamulasa mumtima. Koma liwu lomalizalo, loti “amayi”, adalidikira zaka ziwiri. Adaimitsa galimoto pambali n'kumukumbatira.

Mwina inunso lero mwaima pachipata ndi ntchito yosagwirizana ndi mapepala anu, wokondedwa wanu ali kutali. Musatseke maso, ndipo akakufunsani zomwe mukuona, musaweramitse mutu. Alipo amene akukudikirani. Musataye mtima.