Wodzasunga Nyumba ya Atelala

Atelala anakalambira pakhonde la sitolo ya nsalu, akupalasa makina. Ndi singano yomweyo anamanga nyumba yokhala ndi zipinda za lendi kuseri. Amuna awo anamwalira kalekale, kuwasiyira mwana mmodzi amene onse ankamutcha Bwana. Bwana anali ndi ndevu, koma maganizo ake anali a mwana wamng'ono.

Maso atayamba kuchita nkhungu, Atelala anapita kwa loya.

"Ndikadzatsikira kulichete, nyumbayi adzamulanda. Nditani?"

"Tipange thirasiti, mayi," anatero loya. "Musankhe munthu woti nyumba ikhale m'manja mwake, koma osati yake. Lendi izidzasamalira mwana wanu."

Atelala anasendeza mpando. Chinthu chotere anali asanachimvepo.

"Munthu kusunga chinthu chosakhala chake, osanyambitako? Alipo wotero?"

"Ndiye mukamufune."

Anayambira kwa achimwene awo. Iwo sanatsitse n'komwe wailesi.

"Zazing'ono izo, achemwali. Bweretsani ndisayine."

Atelala anabwerera mtima uli m'mwamba. Katundu wolemera chonchi, munthu n'kuvomera asanamuyese n'komwe?

Nkhaniyi inawapulumuka pakamwa akuwayeza diresi alamu awo, mlongo wa malemu amuna awo, namwino wopuma ntchito. Awiriwa sankamwerana madzi kwenikweni, koma alamuwo sankasoketsa kwina.

"Ine musandiyang'ane," anatero alamuwo.

M'mawa mwake alamuwo anatulukiranso, diresi lisanathe.

"Sikuti ndavomera, alamu. Ndingofunsa. Bwana akadwala amanena yekha, kapena mumachita kumuona? Denga likadontha, ndalama yokonzera ichokera pati? Nanga akafuna chinthu chomupweteka, ndili ndi mphamvu yomukaniza?"

Atelala anaimitsa makina. Anayamba kuyankha mafunsowo limodzilimodzi. Anacheza mpaka mwini sitolo anayamba kutseka mawindo.

Atelala anasankha alamuwo, koma kwa loya iwo anavutanso. Anakana kukhala okha.

"Muikepo wina wondiyang'anira. Ine ndi munthu, ndili ndi ana anga, ndipo njala siona mlamu."

Anagwirizana zoika mwini sitolo uja ngati wachiwiri. Achimwene ananyanyala, osabweranso kudzacheza chaka chonse.

Tsopano Loweruka lililonse Bwana amapita kwa azakhali akewo kuti azolowere. Ulendo woyamba anakana kudya, nakhala pakhomo atakumbatira nsapato zake. Masiku ano amadzuka yekha n'kuyamba kupesa tsitsi, ndipo basi ikachedwa amawakalipira amayi ake.