Mayi Wouluka wa a Dickson

A Dickson Namakhwa ankatchola tiyi pa esiteti yathu, koma anthu ankawadziwa ndi penti. Ukapita ku Luchenza n'kuona mbuzi ya chifuwa chotumbika itajambulidwa pakhoma la butchala, udziwe kuti ndi dzanja lawo. Aliyense amene iwo amujambula amatuluka wa mapewa otambalala ndi kachiuno kakang'ono. Ngakhale ometa tsitsi a pa siteji, munthu woonda uja, pakhoma lawo akuoneka ngati anganyamule thirakitala.

Luso limeneli analitenga m'timabuku ta zithunzi. Bambo awo ankaphikira mayi wina wa ku Amereka ku mishoni, ndipo pobwerera kwawo mayiyo anasiya katoni ya timabuku takalekale, ta nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mapepala ake anali atafiira ngati tiyi wopanda mkaka. Masamba ena anali oseketsa, ana asukulu akukankha galimoto yakutha, wina wagwera m'matope atsikana akuona. Ukatembenuza, wapeza chimwamuna chovala zothina, nsalu ili pakhosi, chikuuluka kukamenya ndege za adani ndi chibakera. Chizungu a Dickson sankachimva kwenikweni. Ankangotengera zithunzizo pansi ndi kamtengo, kenako ndi makala, mpaka dzanja linazolowera.

Pofika chaka cha 2003 msana unali utawavuta. Dengu la tiyi likadzaza ankayenda chowerama, kukwera mtunda n'kumapumira panjira. Ndiye a manijala anawauza kuti ajambule mayi ndi mwana pakhoma la kiliniki, pamene timachitira sikelo. Chithunzicho chikakondweretsa anesi ndi amayi, achoka kumunda n'kukhala wopenta wa esiteti. Chikakanika, abwerera ku dengu.

A Dickson sanakayike. Anatchinga khomalo ndi masaka, n'kumagwira ntchito akuimba mluzu.

Tsiku la sikelo tinafika ndi ana athu, masaka atachotsedwa. Pakhoma panali mayi akuuluka pamwamba pa minda ya tiyi, chibakera kutsogolo, mwana atamupanira m'khwapa ngati nkhuku yopita kumsika. Chitenje chinali chomangidwa pakhosi, chikupepeluka kumbuyo. Miyendo yonse pamtunda.

Woyamba kuyankhula anali mayi Teleza, amene ali ndi ana asanu ndi mmodzi ndipo saopa munthu.

"Achimwene, mwanayu ndi wake kapena wamuba?"

"Ndi wake, mayi. Akumupulumutsa ku matenda."

"M'khwapa? Akangoyetsemula mayiyu, mwana ali m'tiyi! Nanga chitenje chikutani pakhosi? Akumetedwa?"

Amayi anaseka mpaka ana ena anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Awo anabereka ndi pakamwa, mwana sanamunyamulepo!"

Anesi, a Ellen, sanaseke. Ndi a Sabata, ndipo maso awo anali pa miyendo ija. Anati atuma munthu akatenge laimu afafanize zonse, ndipo a manijala akawauza okha.

A Dickson anayang'ana khomalo nthawi yaitali. Sanakwiye. Anati, "Asisitala, laimuyo adikire pang'ono. Kuuluka ndikukudziwa. Kubereka ndiye sindikudziwa. Mayi Teleza, ndibereketseni mwana."

"Inu? Bambo wa ndevu, pagulu pano?"

"Ine ndemwe."

Mwana weniweni palibe anafuna kupereka. Mayi Teleza anatenga dzungu limene wina ankagulitsa pakhomo la kiliniki. "Weramani. Osati choncho ngati mukutchola tiyi, ongolani msanawo!" Anaika dzungu kumsana, n'kukuta ndi chitenje, mbali ina kudutsa paphewa, ina kunsi kwa khwapa, mfundo pachifuwa. Anakoka mwamphamvu mpaka a Dickson anatsokomola.

Kenako a Dickson anayamba kudumpha. Anathamanga kuzungulira mtengo wa mapeyala, anawerama, anatambasula dzanja kutsogolo ngati mayi wa pakhoma uja. Alonda a pageti anabwera kudzaonerera. Amayi ankaomba m'manja akuti, "Mugwetsa Dzungu, bambo a Dzungu!" Koma dzungu silinasunthe. A Dickson anaima, n'kumapapasa mfundo ija ndi zala, kutsata mmene nsalu yapindikira.

"Ndiye manja onse awiri amakhala omasuka," anatero. "Azungu aja akanadziwa zimenezi!"

Anapempha a Ellen kuti adikire mpaka sikelo yotsatira. Iwo anavomera monyinyirika, n'kuwonjeza kuti miyendoyo asadzaionenso.

Titabweranso, mayi uja anali akuulukabe. Koma tsopano anavala chitenje mpaka m'mapazi, mwana ali kumsana, kamutu kakusuzumira paphewa, mfundo ili pamalo pake. Dzanja lina chibakera, lina atagwira khadi la sikelo. Mayi Teleza anayandikira, n'kuyang'anitsitsa mfundoyo ngati akufuna kuimasula.

"Apa ndiye sagwa," anatero.

A Ellen anayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anafunsa chifukwa chake mayiyo sakuyenda pansi ngati anthu ena onse.

"Wachedwa, asisitala," anayankha mayi Teleza. "Akudziwa mmene mumakalipira."

A Ellen anabisa kuseka ndi dzanja, n'kulowa mkati kukakonza sikelo. Mwezi wotsatira a Dickson anapatsidwa ovolosi ndi makwerero, n'kuyamba kupenta zikwangwani za esiteti.